Baisikopo Yonena za Anchito ndi Osauka

 Ndidziwa kuti ena mwangoweruka kumene ndipo mulikupumula, pamene ena mulikukonzeka kukalowa nchito ya usiku. Ndipempha kuti muchere khutu kanthawi pang'ono, cifukwa nkhani yanga ya lero inabadwa ndi funso limene munthu wa ku mgodi anandifunsa, ndipo ndikhulupirira kuti ambiri a inu muli nalo funso lomwelo.

Tinali kukambirana za zithunzi za baisikopo, zimene masiku ano tizicha kanema kapena filimu. Ine ndinayamika cithunzi cina conena za munthu wosowa nchito. Mnzangayo anaseka, nati, "Acimwene, ine ndacokera pansi pa mgodi, msana ulikuwawa, ngongole ziri m'khosi. Kodi ndipereke ndalama yanga kuti ndikaone munthu winanso wotopa ndi wangongole? Umphawi ndiri nao kunyumba kwaulere." Tsiku lija ndinasowa comuyankha. Lero ndifuna kuyesa.

Funsoli si lacilendo iai. Makolo athu amene anayamba kukhala m'makomboni a migodi anaidziwa baisikopo msanga, ndipo m'zaka za m'ma 1950 zithunzi zinali kuonetsedwa pabwalo usiku. Mai wina wa ku America wophunzira za makhalidwe a anthu, Hortense Powdermaker, anakhala ku Luanshya mu 1953 ndi 1954. M'buku lace la Copper Town, limene linaturuka mu 1962, analemba kuti zithunzi zokondedwa koposa zinali za akauboi, ndi kuti ngwazi ya m'cithunzi ciri conse anthu anali kuicha dzina limodzi lokha, Jack. Jack anali kukwera kavalo, kumenya nkhonya ndi kupambana nthawi zonse. Panalinso zithunzi zina za boma, zopangidwa ndi Central African Film Unit imene inakhazikitsidwa mu 1948, zophunzitsa ulimi, ukhondo ndi kumvera malamulo. Kotero wanchito anali kuona munthu wamphamvu wa kutali, kapena kulandira malangizo. Koma moyo wace weni-weni, ndi mabvuto ace monga iye mwini anali kuwadziwa, sunali kuoneka pa nsaru yoyera ija.

Pa zaka zomwezo, m'maiko ena munali kumera mtundu wina wa zithunzi. Zizindikiro zace ndi zinai. Coyamba, nkhani yace ndi ya anthu wamba: wanchito, mlova, mai wamasiye, mwana wa m'komboni. Caciwiri, zijambulidwa pa malo eni-eni, m'misewu ya matope, m'misika ndi m'zipinda zothina. Cacitatu, kawiri-kawiri osewera ace ndi anthu osaphunzira za masewero, otengedwa pa nchito zao. Cacinai, mapeto ace sakometsedwa dala. Ngati m'moyo zinthu zitha moipa, m'cithunzinso zitha moipa.

Njinga ya Antonio

Mtundu umenewu unakula kwambiri ku Italy itatha nkhondo yaciwiri ya dziko lonse mu 1945. Dziko linali losweka, nchito zinali zosowa, ndipo nyumba zazikuru zojambuliramo zithunzi za Cinecittà, ku Rome, zinasanduka msasa wa anthu othawa nkhondo. Ojambula anaturuka ndi makamera ao kunka m'misewu. Roberto Rossellini anatsogolera ndi cithunzi cochedwa Rome, Open City mu 1945. Koma cimene ndifuna kuti ticione bwino ndi ca 1948, copangidwa ndi Vittorio De Sica pamodzi ndi mlembi Cesare Zavattini. Dzina lace m'Cingerezi ndi Bicycle Thieves, ndiko kunena kuti akuba njinga.

Nkhani yace iri motere. Antonio Ricci wakhala nthawi yaitali osagwira nchito. Tsiku lina aitanidwa ndi kupatsidwa nchito yomata mapepala olengeza za baisikopo pa zipupa za mzinda, koma auzidwa kuti wopanda njinga sangailandire. Njinga yace anaiika kale pa pinyolo kuti banja lidye. Mkazi wace Maria, osanena zambiri, acotsa nsaru zoyala pa kama, zija za pa ukwati wao, azicapa, napita nazo kwa a pinyolo kukaombola njinga. Pamenepo kamera itisonyeza mnyamata wa m'nyumba ya pinyolo alikukwera mashelefu atali kufika kudenga, odzala ndi mitolo ya nsaru za mabanja ena. Popanda mau ali onse, woonera adziwa kuti Antonio sali yekha pa bvuto lace.

M'mawa mwace anyamuka mokondwa, atanyamula mwana wace Bruno, amene ngakhale ali wamng'ono agwira kale nchito pa malo ogulitsira petulo. Koma mvula ikakuona litsiro sikata. Tsiku loyamba lomwelo, Antonio ali pa makwerero kumata cithunzi ca Rita Hayworth, mkazi wochuka wa zithunzi za ku America, mnyamata wina alumphira njinga ija nathawa nayo. Apolisi alemba dandaulo lace, namuuza kuti akaifune yekha.

Cotsala conse ca cithunzico ndi ulendo wa bambo ndi mwana wace m'mzinda wa Rome. Afuna m'misika mmene njinga zakuba zigulitsidwa zitamasulidwa zidutswa-zidutswa. Abvumbwa ndi mvula. Alondola nkhalamba ina mpaka m'chalichi. Pothedwa nzeru, Antonio amenya mwana wace mbama popanda cifukwa, ndipo pofuna kumupepesa amtengera ku nyumba yodyera, kumene Bruno ayang'anitsitsa mwana wa anthu olemera alikudya pa tebulo lina. Apita ngakhale kwa mai woombeza amene poyamba Antonio anali kumnyoza. Potsiriza apeza wakubayo, koma taonani, nayenso ndi mmphawi wogona m'cipinda cimodzi ndi mai wace ndi abale ace. Agwa pansi monga wakhunyu, anansi ace amcinjiriza, ndipo wapolisi anena kuti popanda mboni palibe mlandu.

Tsono pafika pamene mtima wa woonera uima. Ali pafupi ndi bwalo la mpira, Antonio aona njinga itatsamira pa khomo popanda mwini. Ayenda uku ndi uku, alimbana ndi mtima wace, apatsa Bruno ndalama kuti akwere sitima ya m'tauni apite kwao. Ndipo aiba njinga ija. Anthu amthamangitsa, amgwira, ammenya. Bruno, amene sitima inamsiya, aona zonse, nathamangira pakati pa khamulo alikulira. Mwini njinga ayang'ana mwanayo, namleka bamboyo apite. Awiriwo ayenda m'cigulu ca anthu, Antonio alikugwetsa misozi, ndipo mwana agwira dzanja la atate wace. Cithunzi cithera pomwepo. Njinga sinapezeke.

Anzanga, inu mudziwa cimene njinga iri kwa munthu wogulitsa makala kapena wokhala kutali ndi nchito. Taonani nzeru ya opanga cithunzici: sanatipatse munthu mmodzi woipa woti timude. Dzina lace linena za akuba ambiri, osati mmodzi, cifukwa pomaliza wobedwa uja wasanduka wakuba. Funso limene titsala nalo si lakuti ndani anaba, koma lakuti ndi dziko lotani limene ulemu wonse wa bambo ulendewera pa njinga imodzi.

Wosewera ngati Antonio anali Lamberto Maggiorani, wanchito wa m'fakitale, wosadziwa konse za masewero. Cithunzico cinalandira mphotho yapadera ya Oscar mu 1950, ndipo mu 1952 akatswiri ofunsidwa ndi magazini ya Sight and Sound anacisankha kukhala copambana zithunzi zonse. Koma Maggiorani atabwerera ku fakitale, sipanapite nthawi, anacotsedwa nchito pamene anali kucepetsa anchito. Dziko lonse linalira naye pa nsaru, koma iye anakhaladi mlova monga Antonio. Mfundo imeneyi muisunge, ndidzabwereranso kwa iyo.

Akuru a boma sanakondwe nazo zithunzi zotere. Mu 1952, De Sica ataturutsa Umberto D., conena za nkhalamba yopuma nchito imene ndalama yace ya penshoni siikwana kulipira cipinda, Giulio Andreotti, amene panthawiyo anali kuyang'anira za baisikopo m'boma ndipo pambuyo pace anakhala nduna yaikuru, analemba poyera kudandaula kuti De Sica alikucititsa manyazi dziko lace pamaso pa alendo. Dandaulo lotere mudzalimva kuli konse kumene osauka aonetsedwa monga ali.

Akazi pa cipata ca mgodi

Tsopano tiyeni ku America, kwao kwa Jack. Ku New Mexico kunali mgodi wa zinki, mwala wonga uja unali kukumbidwa ku Kabwe. Anchito ambiri anali a mtundu wa ku Mexico, ndipo anali kulandira zocepa ndi kukhala m'nyumba zoipa kuposa anzao oyera. Mu October 1950 ananyanyala nchito, ndipo sitalaka inatha miyezi 15. Mu 1951 bwalo la milandu linaletsa anchitowo kuima pa cipata ca mgodi. Koma lamulolo linachula anchito okha. Pamenepo akazi ao anati, ife sitiri anchito a mgodi, tidzaima ndife. Anaimadi, ena namangidwa pamodzi ndi ana ao, pamene amuna anatsala kunyumba kucapa matewera ndi kutema nkhuni, nazindikira cifukwa cace akazi anali kulirira madzi otentha a m'mipope.

Nkhani imeneyi inajambulidwa m'cithunzi ca Salt of the Earth ca 1954. Wocitsogolera, Herbert Biberman, anali atakhala m'ndende mu 1950 cifukwa cokana kuyankha mafunso a komiti ya nyumba ya malamulo yofufuza za Cikomyunizimu, ndipo makampani akuru a zithunzi anali atamtsekera makomo. Osewera ambiri anali anchito a mgodi omwewo ndi mabanja ao. Mwamuna wa m'nkhaniyo anali Juan Chacón, mtsogoleri weni-weni wa bungwe la anchito. Mkazi wace wa m'cithunzi, Rosaura Revueltas, anagwidwa kujambula kusanathe nabwezedwa kwao ku Mexico. Citatha, nyumba za baisikopo pafupi-fupi zonse zinakana kucionetsa. Koma mu 1992 nyumba yaikuru ya mabuku ya boma lomwelo, Library of Congress, inaciika m'kaundula wa zithunzi zoyenera kusungidwa monga cuma ca dziko. Coonadi cicedwa pa njira, koma cifika.

Johannesburg ndi Dakar

Cithunzi cacitatu ciri pafupi ndi ife, pakuti agogo a ambiri a ife anapita kukagwira nchito ku migodi ya golide ya ku Johannesburg. Lionel Rogosin wa ku New York anafika ku South Africa nanyenga akuru a boma kuti alikujambula za nyimbo ndi cisangalalo ca m'misewu. M'seri, pamodzi ndi alembi Bloke Modisane ndi Lewis Nkosi a magazini ya Drum, anali kupanga Come Back, Africa, cimene cinaturuka mu 1959. Cinena za Zachariah, Mzulu wocokera kumudzi, amene ayamba ku mgodi, kenaka agwira ya m'nyumba ya Mzungu, ya m'galaja, ya m'hotela, kuli konse acotsedwa, ndipo citupa cimsautsa usana ndi usiku. Amangidwa cifukwa cogona m'cipinda ca mkazi wace kuseri kwa nyumba ya abwana, ndipo pobwera apeza mkaziyo ataphedwa ndi tsotsi. Zambiri zinajambulidwa ku Sophiatown, pamene boma linali kugwetsa nyumba za kumeneko kuyambira 1955. Kotero cithunzico casunga misewu imene kulibenso. Ku South Africa cinaletsedwa. Miriam Makeba, amene anayimbamo, anapita ku Venice kumene cinaonetsedwa mu 1959. Mu 1960 atafuna kubwerera ku maliro a mai wace anapeza kuti pasipoti yace yaphedwa, ndipo sanapondenso kwao kufikira 1990. Mtengo wa kunena zoona unali wotero.

Ku Senegal kunali Ousmane Sembène, amene ananyamula katundu pa doko la Marseille asanakhale mlembi. Iye anaona kuti anthu ambiri a kwao sangawerenge mabuku ace, napita ku Moscow kukaphunzira kujambula. Mu 1963 anapanga Borom Sarret, kacithunzi ka mphindi ngati 20, konena za tsiku limodzi la woyendetsa ngolo ya kavalo mu Dakar. Anyamula anthu osalipira, mai wapakati, ndi bambo wopita kumanda ndi mtembo wa mwana wace. Kenaka munthu wobvala bwino amnyengerera kuti amfikitse ku dera la olemera kumene ngolo siziloledwa. Wapolisi alanda ngoloyo, wobvala bwino uja acoka osalipira, ndipo bamboyo abwerera kwao ndi kavalo yekha. Mkazi wace ampatsa mwana, naturuka, atamlonjeza kuti madzulo adzadya. Kumene apita sitiuzidwa. Dziko linali litalandira ufulu mu 1960, koma Sembène anafunsa ngati ufuluwo unafika kwa mwini ngolo.

Ku England nakonso kunabuka zithunzi zotere, ndipo anazipatsa dzina lacipongwe lonena za motsukira mbale m'khichini. Saturday Night and Sunday Morning ca 1960 cinena za mnyamata wa m'fakitale ya njinga za Raleigh ku Nottingham, njinga zomwe zija makolo athu anali kuzisungira ndalama. Kes ca 1969, ca Ken Loach, cinena za mwana wa ku Barnsley, dera la migodi ya malasha, amene aweta kambalame kolusa konga kabawi, podziwa kuti sukulu yamtaya ndipo mgodi ulikumdikira. Loach yemweyo mu 1966 anaonetsa pa televishoni ya BBC Cathy Come Home, nkhani ya banja lotaya nyumba ndi kulandidwa ana. Anthu pafupi-fupi 12 miliyoni anaonera, ndipo bungwe la Shelter lothandiza osowa nyumba, limene linayamba patangopita masabata awiri, linapeza omvera ambiri.

Yankho kwa mnzanga

Tsono ndimuyankhe bwanji mnzanga uja? Poyamba ndibvomere kuti ali ndi mfundo. Munthu wotopa ayenera kuseka, ndipo palibe cimo kuonera Jack kapena zithunzi za nkhonya za masiku ano. Ndibvomerenso kuti m'zithunzi za osauka muli msampha. Alipo ena amene ajambula umphawi monga mlendo ajambula nyama za ku Luangwa, kuti akadabwitse anzao kwao ndi kulandira mphotho, pamene wojambulidwayo atsala monga anali. Kumbukirani Maggiorani. Alipo enanso amene aunjika matsoka okha-okha, kuiwala kuti m'komboni mulinso nthabwala, maukwati, mpira ndi nyimbo. Cithunzi cobisa kuseka kwa osauka cinama mofanana ndi cobisa kulira kwao.

Koma pali zinthu ziwiri zimene Jack sangakupatseni. Coyamba ndi ici: munthu wosowa nchito kawiri-kawiri adziimba mlandu yekha, nayesa kuti ndi ulesi wace, kapena tsoka la pa mtundu wace, kapena kuti wina wamlodza. Akaona mashelefu aja a pinyolo odzala ndi nsaru za mabanja ena, azindikira kuti bvutolo ndi la anthu ambiri, ndipo bvuto la anthu ambiri likhoza kukambidwa pa msonkhano ndi kufunidwa mankhwala. Caciwiri ndi ca amene sali osauka. Kalaliki, kapitao, woweruza ndi nduna, amene masana aona wanchito monga nambala ya pa tikiti, akakhala mumdima ola limodzi ndi theka alikuyenda ndi Antonio, aturuka atamdziwa kuti ali ndi dzina, mkazi ndi mwana. Akuru anati caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe. Ndipo zithunzi zimenezi ndizo mwambi womwewo wonenedwa ndi kamera.

Cifukwa cace, mukaona cithunzi cotere, ciyeseni ndi mafunso atatu. Kodi anthu a m'menemo alankhula monga anthu alankhuladi? Kodi cisonyeza gwero la bvuto, kapena cingotionetsa zironda? Kodi wosaukayo wasiyidwa ndi ulemu wace, kotero kuti iye mwini angakhale pakati pa oonera osabisa nkhope?

Mau otsiriza ndinena kwa anyamata ndi atsikana. De Sica anafunika kamera yolemera ndi ndalama zambiri. Inu ambiri muli ndi kamera m'thumba, pa foni. Rungano Nyoni, wobadwira mu Lusaka, anajambula I Am Not a Witch m'dziko muno, mwa njira yace-yace yosakaniza nthabwala ndi cisoni, ndi mtsikana amene anali asanasewerepo. Cinaturuka mu 2017 ndipo cinalandira mphotho ya BAFTA mu 2018. Nkhani sizisowa. Pa 25 September 1970 matope analowa mu mgodi wa Mufulira napha anthu 89, ndipo ali yense wa iwo anasiya nyumba imene inayenera kudya tsiku lotsatira. Pali bambo wocotsedwa nchito amene adzukabe m'mamawa cifukwa thupi linazolowera. Pali mai wophwanya miyala m'mbali mwa msewu kuti mwana apite ku sukulu. Wamva m'mimba ndiye atsekula citseko. Ngati eni ace a nkhanizi sadzazinena, adzazinena ena, ndipo adzazinena mwa njira yao.

Mnzanga wa ku mgodi uja, ngati mulikumvetsera, sindikukakamizani. Loweruka onerani cimene cikusangalatsani. Koma tsiku lina mukapeza mpata, khalani pansi ndi mwana wanu muonere za njinga ya Antonio, ndipo mudzandiuze ngati munaona mlendo kapena munthu wa m'komboni mwanu. Enanunso lembani makalata mutiuze maganizo anu, tidzawawerenga pa wailesi.

 Opita ku nchito muyende bwino, otsala mugone bwino.